Ndani akudya sitiroberi zathu? Fizikisi ya kudimba

Chaka chatha kalabu yathu ya sayansi kuno ku Mauwa inadzala sitiroberi kuseri kwa labu. Mbande ndinakazitenga kwa mlimi wina wa m'phiri la Zomba, tinakonza mabedi awiri, kuthira manyowa, ndipo ophunzira ankathirira mosinthana. Cholinga chinali choti tizigulitsa zipatsozo kuti tigule mabatire ndi mawaya a zoyeserera za magetsi, poti amene tinali nawo anali atatheratu.

Pofika mu Julayi zipatso zinayamba kufiira. Lachisanu lina tinawerenga zipatso 30 zomwe zinatsala pang'ono kupsa, tinagwirizana kuti tidzathyola Lolemba. Lolembalo tinapeza zabwino 6 zokha. Zina zinali zojomphedwa, zina zobooka kunsi, zina zitakutidwa ndi chuku chotuwa ngati ubweya wa khoswe.

Mnyamata wina wa Fomu 3 anati: "Aphunzitsi, kwathu kuli mankhwala otsala amene bambo ankapopera tomato. Ndibweretse mawa tingomwaza basi, zithe izi."

Ndinamufunsa funso limodzi: "Ukufuna kupha chiyani?" Anakhala chete. Tonse sitinkadziwa. Nkhani ya lero yachokera pa funso limenelo. Chilombo chilichonse chili ndi thupi lake, msinkhu wake, nthawi yake yoyendera ndi njira yake yofikira pa chipatso. Mukazidziwa zimenezi, Fizikisi yomwe mumaphunzira m'kalasi ija imakupatsani njira yotsekera chilombocho popanda kuthira poizoni pa chinthu chimene mudye nokha.

Chipatso chopanda chikopa

Tiyambe ndi chipatso chenichenicho. Sitiroberi yomwe timadya lero inabadwira ku Brittany, m'dziko la France, cha m'ma 1750. Inachokera ku mitundu iwiri yakutchire: wina wa ku North America, wina wa ku Chile umene Amédée-François Frézier anapita nawo ku France mu 1714. Ndi mbewu yokonda malo ozizirirapo, n'chifukwa chake kuno kwathu imadziwika kwambiri ndi phiri la Zomba, komwe anthu amaigulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe pamodzi ndi jamu, mabulosi ndi magalagadeya. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. Tawuni ya Zomba ili pa mamita osakwana 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya phirilo imaposa mamita 2,000. Ndiye mutha kuwerengera nokha kusiyana kwake. Kuno ku Chiradzulu si kozizira ngati pamwamba pa phiri, komabe m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti mbewuyi imatheka ndithu ngati madzi alipo.

Vuto la sitiroberi ndi ili. Nthochi ili ndi khoko, lalanje lili ndi khoko, ngakhale bango la nzimbe timasenda. Sitiroberi ilibe. Mnofu wake uli poyera, ndi wofewa, madzi ake ndi okwana magawo 90 pa 100 aliwonse, ndipo imabereka pansi penipeni pomwe chilichonse chokwawa chimafika. Komanso sitiiphika, ndipo ikayamba kupsa timathyola masiku awiri kapena atatu aliwonse. Chimene mwapopera lero, mkucha chili m'kamwa mwa mng'ono wanu.

Yambani ndi kufufuza

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinachita zenizenizo. Kwa sabata imodzi tinagawana maulonda: ena m'mawa tisanalowe m'kalasi, ena pa nthawi yopuma, ndipo ine ndinkabwera ndi tochi cha m'ma 8 koloko usiku. Aliyense ankalemba m'kope chimene waona, nthawi yake, ndi mmene kunja kunalili.

Tinapeza kuti adani athu anali atatu, ndipo aliyense amasiya chizindikiro chake. Chipatso chojomphedwa pamwamba, bala lake lakuthwa ngati lobaya ndi mpeni, ndi ntchito ya mbalame, makamaka apumbwa, ndipo ankabwera m'mawa kwambiri sukulu ili zii. Chipatso chokumbidwa dzenje losalala kunsi, pafupi pake pali kanjira konyezimira, ndi nkhono, ndipo zinkatuluka usiku. Chipatso chofewa, chabulauni, chokhala ndi ubweya wotuwa, si chilombo ayi koma chuku. Mu Seputembala, kutayamba kutentha, kunabwera adani ena awiri: akangaude ofiira ndi nsabwe za m'masamba.

Taonani tsono. Mankhwala a mbozi za tomato aja sakanaletsa pumbwa, sakanapha nkhono, sakanachotsa chuku. Tikanangoipitsa zipatso n'kupha njuchi.

Mbalame: nkhani ya kukula kwa bowo

Bwanji mbalame zimadikira chipatso chifiire? Kumbukirani phunziro la kuwala. Maso athu amaona kuwala kwa wavelength yoyambira pafupifupi ma nanometre 400 mpaka 700, ndipo kufiira kuli kumapeto, kuyambira cha pa 620. Mbalame zimaona kufiira bwino kwambiri. Njuchi zimaona kuyambira cha pa 300 mpaka 650, kutanthauza kuti zimaona ultraviolet amene ife sitiona, koma kufiira zimakuona movutikira. Tsono yang'anani mbewu ya sitiroberi: duwa lake ndi loyera, pakati pachikasu, loitana njuchi. Chipatso chake ndi chofiira, choitana mbalame kuti idye n'kukataya njere kutali. Mbewuyo ikuitana yokha amene ife tikumutcha wakuba.

Poyamba tinapachika ma CD akale pa zingwe. Akamazungulira ndi mphepo amabweza kuwala kwa dzuwa mothwanima, mbalame n'kudzidzimuka. Zinathandiza masiku ochepa chabe. Pumbwa si wopusa: akaona kuti chinthu chothwanimacho sichimuluma, amatera pambali pake n'kumadya. Choopsezera chilichonse chimatha mphamvu ngati simukuchisuntha pafupipafupi. Chodalirika ndi chotchinga.

Apa ndi pomwe mtsikana wina anati, "Ndiye tingofunditsa neti ya udzudzu, eti? Kwathu anthu amatero pa nazale." Ndikudziwa kuti ambiri amatero, koma pali zifukwa zitatu zokanira. Choyamba, neti imeneyo ndi yoteteza inu ku malungo, ndipo malo ake ndi pogona. Chachiwiri, maneti amenewo amakhala onyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, omwe amaphanso njuchi. Chachitatu ndi cha masamu. Neti ya udzudzu imakhala ndi mabowo pafupifupi 25 pa sikweya sentimita imodzi, ndiye bowo lililonse silikwana mamilimita awiri. Njuchi imafuna mpata wa mamilimita 5 kapena kuposerapo kuti idutse mosavuta. Mukafunditsa neti yotere pa nthawi ya maluwa, mwatsekera njuchi kunja.

Kodi njuchi zikasowa chimachitika n'chiyani? Tiyang'ane timadontho tija tili pakhungu la sitiroberi, tomwe timakhala pafupifupi 200 pa chipatso chimodzi. Kalikonse kamachokera ku kachigawo kake ka duwa, ndipo kamafunika kulandira mungu pakokha. Mu 1950 wasayansi wina, J. P. Nitsch, anaonetsa kuti akachotsa timadonthoti pa chipatso chaching'ono, mnofu umaleka kukula, ndipo akasiya tochepa, mnofu umafufuma pansi pa tokhato. Timadontho tolandira mungu timatulutsa auxin, amene amauza mnofu kuti ukule. Ndiye mukaona sitiroberi yopindika ngati chibakera, nthawi zambiri ndiye kuti mungu sunafike mbali zonse za duwa.

Funso lathu linasanduka la Fizikisi: tipeze bowo lalikulu kuposa njuchi koma laling'ono kuposa mbalame. Yankho ndi bowo la masentimita pafupifupi awiri. Waya wa khola la nkhuku amakwana bwino, ndipo amatsekanso nkhuku zenizenizo. Ife ndalama ya waya inangokwanira bedi limodzi. Tinakhoma timitengo ta nsungwi, n'kukweza wayayo masentimita 40 kuchokera pansi kuti mbalame ikatera pamwamba mlomo usafike pa chipatso, ndipo m'mbali tinakwirira kunsi kwake ndi dothi. Amene alibe waya atha kuluka chivindikiro cha bango kapena nsungwi zong'alula, kusiya mipata yolowa zala ziwiri. Ngati mukugwiritsa ntchito ukonde wa ulusi, ukokeni ulimbe, chifukwa wolendewera umakola mbalame ndi njoka.

Nkhono: nkhani ya madzi

Nkhono imayenda pa mamina amene imatulutsa yokha, ndipo mamina amenewo kwakukulu ndi madzi. Khungu lake ndi lonyowa nthawi zonse. Ndiye mdani wake wamkulu ndi kuuma. Tchulani zinthu zimene zimafulumizitsa evaporation: kutentha, mphepo, kuuma kwa mpweya, ndi kukula kwa malo amene ali poyera. Masana zonsezi zimailimbana nayo nkhono, n'chifukwa chake imabisala pansi pa miyala, zinyalala ndi masamba, n'kutuluka usiku kapena tsiku la chiperoni. Mu Juni ndi Julayi, mphepo yachinyezi ija yochokera ku Mozambique ikabweretsa mvula yowaza masiku awiri atatu, nkhono zimakhala pa ukwati.

Mukadziwa izi, njira zimabwera zokha. Yoyamba: thirirani m'mawa, osati madzulo. Mukathirira madzulo mwaikonzera nkhono msewu wonyowa usiku wonse. Mukathirira m'mawa, mizu imamwa, koma pamwamba pa dothi pamauma dzuwa lisanalowe. Yachiwiri: ipatseni nokha pobisala. Yalani thumba lonyowa kapena thabwa pambali pa bedi, m'mawa vundukulani, mudzazipeza zitasonkhana. Tolani, mupatse abakha ngati alipo, kenako sambani m'manja ndi sopo. Yachitatu: kwirirani kachitini mpaka pakamwa pake patsale pang'ono pamwamba pa dothi, muthiremo madzi, shuga ndi yisiti wa mandasi. Fungo la kuwira kwake limafalikira mumpweya mwa diffusion, nkhono zimalitsata n'kugweramo. Yachinayi: phulusa louma kuzungulira bedi limayamwa chinyezi cha nkhono ndipo imalizemba, koma likangonyowa ndi mame latha ntchito, muyenera kuthiranso lina.

Nanga mchere? Inde, mchere umapha nkhono. Ukagwera pakhungu lake umasungunuka, kunja kumakhala mchere wambiri kuposa m'thupi, ndipo madzi amatuluka m'maselo mwa osmosis mpaka nkhonoyo kufota. Koma osmosis sasankha. Mchere womwewo ukalowa m'dothi umachita chimodzimodzi ku mizu, ndipo sitiroberi ndi imodzi mwa mbewu zosapirira mchere ngakhale pang'ono. Musathire mchere pa bedi.

Ena amafunsa ngati nkhono zimenezi ndi zomwe zimafalitsa likodzo. Ayi. Za likodzo zimakhala m'madzi, m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. Za kudimba ndi zapamtunda, komabe zimatha kunyamula tizilombo tina toyambitsa matenda, ndiye chipatso chilichonse chitsukidwe musanadye, ndipo choboola nkhono chitayidwe.

Chuku: nkhani ya mame

Chuku chotuwa chija asayansi amachitcha Botrytis cinerea. Timbewu take timauluka mumpweya ngati fumbi, ndipo sitingamere pouma. Timafuna kuti duwa kapena chipatso chikhale chonyowa maola angapo, kunja kukuzizirirapo, cha pakati pa madigiri 15 ndi 25. Nyengo yathu ya chisanu ndi yomweyo.

Madziwo amachokera kuti ngati mvula sinagwe? Usiku wopanda mitambo, nthaka ndi masamba zimataya kutentha kwake kupita kumwamba mwa radiation. Tsamba likazizira, mpweya wolikhudza umaziziranso, sungathenso kusunga nthunzi yonse imene unali nayo, ndipo nthunziyo imasanduka madontho. Amenewo ndiwo mame. Sitingawaletse, koma titha kuwafulumizitsa kuuma. Dzalani mbewu motalikirana masentimita 30 kuti mphepo izidutsa. Chotsani masamba okalamba a kunsi. Bedi likhale pomwe dzuwa la m'mawa limafika msanga. Pothirira, thirani pa tsinde, osati pamwamba pa masamba ndi maluwa.

Kenako yalani udzu wouma pansi pa mbewu kuti chipatso chisagone pa dothi. Dontho la madzi likagwa pa dothi lopanda kanthu, mphamvu yake imathovutsa matope mpaka pa chipatso. Likagwa pa udzu, udzuwo umapindika n'kumwa mphamvuyo, monga mmene matiresi amachitira mukadumphirapo. Koma chenjerani, walira mvula walira matope: udzu wochindikala ndi wonyowa ndi nyumba ya nkhono. Yalani wochepa, wouma, ndipo muziuvundukula kuona kunsi. Chipatso chilichonse chogwidwa chuku chichotseni tsiku lomwelo, mukachikwirire kutali, chifukwa ubweya wotuwawo ndi timbewu tambirimbiri todikira mphepo.

Akangaude ndi nsabwe: nkhani ya kutentha ndi sopo

Titatsegulira sukulu mu Seputembala tinapeza masamba ali ndi timadontho tachikasu, ena akuuma ngati owauka. Alimi a tomato a kuno ku Chiradzulu amawadziwa bwino akangaude ofiira. Ndi tating'ono, sitikwana theka la milimita, ndipo timakhala kunsi kwa tsamba kumayamwa madzi ake. Kuti mutione, ikani pepala loyera pansi pa tsamba, gwedezani tsambalo, muone timadontho toyenda. Galasi lokulitsa zinthu la mu labu limaonetsa ngakhale miyendo yake.

Tizilombo timeneti sititenthetsa thupi lake tokha ngati ife. Kutentha kwa thupi lake ndi kwa kunja komweko, ndipo kukatentha zonse za m'thupimo zimathamanga. Pa madigiri 30, kangaude amachoka pa dzira kufika poikira mazira ake m'sabata imodzi yokha, pomwe kukazizira zimatenga masabata awiri kapena kuposa. Tingoyerekeza kuti wamkazi mmodzi akusiya ana aakazi 20 amoyo pa masiku 10 aliwonse. Pakatha masiku 10 ali 20, pa masiku 20 ali 400, pa masiku 30 ali 8,000. N'chifukwa chake wopeza akangaude sabata yoyamba amapambana, wowapeza sabata yachinayi amazula mbewu.

Akangaude amakonda pouma ndi pafumbi. Ndiye mu Seputembala ndi Okutobala malangizo amatembenuka pang'ono: m'mawa, tsirani madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba kuti agwe, dzuwa liumitsa masambawo msanga chuku chisanapeze mpata. Masamba ogwidwa kwambiri athotholeni.

Nsabwe za m'masamba zimaunjikana ku nsonga zanthete. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mbewu, yang'anani bwino, chifukwa nyerere zimaweta nsabwezo kuti zizimwa timadzi totsekemera tomwe zimatulutsa. Pa nsabwe ndi akangaude, chida chathu chinali sopo, ndipo mmene amagwirira ntchito mutha kuonera kunyumba. Dzazani mbale ndi madzi, muike lezala mopingasa pamwamba pake mosamala. Liyandama, ngakhale chitsulo n'cholemera kuposa madzi, chifukwa mamolekyu a pamwamba pa madzi amakokana n'kupanga ngati kachikopa. Ndiyo surface tension, yomwe pa madzi oyera ndi pafupifupi 0.072 N/m. Donthezani sopo pang'ono m'mbalemo, lezala limira. Sopo amatsitsa mphamvu imeneyi kufika pochepera theka.

Thupi la nsabwe lili ndi phula, ndiye madzi wamba amangopanga mpira n'kugubuduka, monga amachitira pa tsamba la koko. Madzi a sopo amayala, amanyowetsa thupi lonse, amalowa m'timabowo topumira ta m'mbali mwa thupi, ndiponso amawononga phula lomwe limateteza kachilomboko kuti kasaume. Ife tinkapala magalamu 10 a sopo wamtengo wochapira n'kusungunula mu lita imodzi ya madzi. Sopo waufa musagwiritse ntchito, amawaula masamba. Yesani kaye pa mbewu imodzi, mudikire masiku awiri muone ngati masamba sanapse. Poperani dzuwa litapendeka, njuchi zitapita, ndipo mulunjike kunsi kwa masamba, chifukwa sopo amapha kachilombo kokhako kamene wakakhudza akadali wonyowa. Akauma watha ntchito, ndiye bwerezani pakatha masiku asanu kapena sabata.

Kuti mudziwe msanga kuti nsabwe zouluka zafika, dulani chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, muchipake Vaseline, muchikhome pa kamtengo pamwamba pang'ono pa masamba. Maso a nsabwe amakopeka ndi kuwala kobiriwira ndi kwachikasu komwe masamba anthete amabweza, ndipo pulasitiki yachikasu imabweza kuwala kumeneko mwamphamvu kuposa tsamba lenileni. Kwa nsabwe, chigubucho ndi tsamba lokoma kuposa onse. Msampha umenewu sungamalize nsabwe zonse, ntchito yake ndi ya mlonda wokuuzani kuti adani afika.

Nanga mapichesi, magwafa ndi mango?

Ambiri a inu mulibe sitiroberi kwanu, koma muli ndi mtengo wa pichesi, gwafa kapena mango, ndipo mukudziwa kukhumudwa koluma chipatso chokongola n'kupeza mphutsi. Mphutsizo sizimera zokha m'chipatso. Ndi ana a ntchentche za zipatso. Mtundu wina wovuta kwambiri, Bactrocera dorsalis, ndi wa ku Asia, unapezeka ku Kenya mu 2003 ndipo unafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Yaikazi imabaya khungu la chipatso n'kuikira mazira mkati. Mphutsi zimadya mnofu, chipatso chimagwa, mphutsi zimalowa m'dothi, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri zimatuluka zili ntchentche zatsopano.

Malo ofooka a ntchentcheyi ndi chipatso chakugwa chija. Tolani zakugwa zonse tsiku lililonse, muziike m'jumbo yakuda yosabooka, mumange pakamwa, muisiye padzuwa masiku angapo. Chinthu chakuda chimamwa pafupifupi kuwala konse kogwera pa icho n'kukusandutsa kutentha, ndipo popeza jumboyo ndi yomanga, mpweya wotenthawo sungathawe mwa convection. Mphutsi zimafa, ndipo zotsalazo mutha kuthira pa manyowa. Pa mtengo waung'ono, mutha kuvekanso chipatso chilichonse kathumba ka pepala chikadali chachiwisi. Ndi nzeru yomwe ija ya waya: chotchinga pakati pa chilombo ndi chakudya.

Tsono mankhwala ndi oipa?

Sindikunena kuti mankhwala alibe ntchito. Mlimi wa maekala a tomato amene wagwidwa ndi mbozi ya Tuta absoluta ali pa nkhondo ina. Koma mankhwala ali ndi malamulo ake. Kuno ku Malawi bungwe la Pesticides Control Board ndi limene limavomereza mankhwala ogulitsidwa, ndipo botolo lovomerezeka limakhala ndi chizindikiro chofotokoza mbewu zimene mankhwalawo ndi ake, muyezo wake, ndi masiku oyenera kudikira musanakolole. Ngati botolo likuti dikirani masiku 7 kapena 14, pomwe sitiroberi ikufuna kuthyoledwa mkucha, mwaona nokha kuti sizikugwirizana. Mankhwala ogula m'kabotolo kopanda dzina pa msika, musawayandikize pa chipatso. Tameki amene ena amathirira makoswe ndi poizoni woopsa kwambiri, asafike n'komwe kudimba.

Pali chinanso. Mankhwala ambiri opha tizilombo amaphanso abwenzi athu: njuchi, tizikumbu tofiira ta madontho akuda tomwe timadya nsabwe, ndi akangaude ena amene amadya akangaude ofiira. Alonda amenewa akafa, akangaude ofiira, omwe amaswana msanga, amabwerera ochuluka kuposa kale. Ndipo musaganize kuti chilichonse chochokera ku zitsamba n'chosaopsa. Madzi a fodya ali ndi nicotine, mthuthu umapha nsomba. Zimenezi si zothira pa chipatso chodya chachiwisi. Ngati vuto lakukulirani, tengani tsamba kapena chipatso chogwidwacho mukaonetse alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanagule kanthu.

Zimene tinapeza, ndi ntchito yanu

Kusowa kwa ndalama ya waya kunatipatsa mwayi wa kuyesa kwachilungamo. Mabedi onse awiri anali ndi mbewu zofanana, madzi ofanana, udzu wofanana, misampha ya nkhono yofanana. Chosiyana chinali chimodzi: waya. Kwa masabata atatu tinkawerenga zipatso zabwino ndi zowonongeka pa bedi lililonse. Pa bedi la waya sitinapezenso chojomphedwa ngakhale chimodzi, ndipo zipatso zinali zoumbika bwino, kusonyeza kuti njuchi zinkalowa. Pa bedi lopanda waya apumbwa anapitiriza kudya pafupifupi theka. Nkhono zinachepa pa mabedi onse awiri titasintha nthawi yothirira. Akangaude anatipweteka ndithu, chifukwa pa holide ya Ogasiti panalibe amene ankayang'ana kunsi kwa masamba, ndipo mbewu zina tinazizula. Ndalama zomwe tinapeza zinagula mabatire, koma mawaya anadikira. Chaka chino tagawana kale masiku a holide, ndipo mnyamata wa mankhwala uja ndi amene akusunga kope la maulonda.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Sankhani mbewu imodzi kwanu, kaya ndi tomato, mpiru, gwafa kapena sitiroberi. Iyendereni katatu pa tsiku, m'mawa, masana ndi usiku ndi tochi, kwa masiku asanu. Lembani chilombo chimene mwaona, kukula kwake m'mamilimita, nthawi, ndi mbali ya mbewu imene chikudya. Kenako yankhani: chimafika bwanji pamenepo, ndipo n'chiyani chingachitseke njira? Mukayesa njira yanu, siyani mbewu ina yosatetezedwa kuti mukhale ndi poyerekezera, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi. A m'kalasi mwanga mubwere ndi makope anu Lachisanu, tidzajambule ma graph pa bolodi.